Magazi athu ndi udzudzu wa kunyanja

Amene amayenda pamsewu wochokera ku boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay amawadziwa malo awiri awa, Nkope ndi Nkhudzi. Kwa ife a m'tauni, kumeneku ndi kwa chambo, usipa ndi mchenga wokapumirako pa Khirisimasi. Koma kwa akatswiri ofukula zakale, mayina awiriwa ndi mitu ya mbiri ya dziko lino. Pa Nkope, a Keith Robinson anafukula mapale a miphika ya alimi oyamba odziwa kusula chitsulo, amene anakhazikika m'mbali mwa nyanjayi zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pa Nkhudzi, a Ray Inskeep anafukula manda a anthu a zaka za m'ma 1700 ndi 1800, oikidwa pamodzi ndi miphika ndi mikanda yamalonda, ndipo lipoti lawo linatuluka m'chaka cha 1965. Mpaka lero mitundu iwiri ya miphika yakale imatchedwa ndi mayina a malo amenewa.

Mapale ndi mikanda zimatiuza zimene makolowo ankaumba ndi kugula. Koma chilipo cholowa china chimene khasu la wofukula silingachipeze, pakuti sichili m'dothi ayi, chili m'magazi mwathu. Nkhani yake ndi ya udzudzu.

Tiyambire pa manda ena, a alendo. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu itanyamula amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi a E.D. Young, ndipo mmodzi mwa iwo anali Dr Robert Laws. Atalandira malo kwa mfumu Mponda anamanga mishoni ya Livingstonia pa Cape Maclear, kutsidya kwa mapiri kuchokera pa Nkhudzi. Malowo anali okongola zedi, doko lake labwino, koma pasanathe zaka ziwiri, mu 1877, Dr William Black anamwalira ndi malungo. Maliro anapitirira, ndipo pofika 1881 pamene mishoni inasamukira ku Bandawe, anasiya manda asanu ndi munthu mmodzi yekha wobatizidwa, Albert Namalambe. Izi sizinali zachilendo. Kumunsi kwa Shire, malungo omwewa anali atatenga kale Bishopu Mackenzie mu Januwale 1862, ndipo mkazi wa David Livingstone, Mary, anatsatira mu Epulo chaka chomwecho ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi.

Chimene chinkawazunguza mutu azunguwo n'chakuti Amang'anja ndi Ayao amene ankawapalasira mabwato ndi kuwanyamulira katundu ankagona pagombe lomwelo, koma m'mawa n'kudzuka bwinobwino kupita kukakoka khoka. Alendowo ankati matendawa amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina lachingerezi la malungo linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza zomwezo. Choncho ankathawira kumapiri atanyamula kwinini. Zoona zake zinadziwika pang'onopang'ono. Mu 1880 dokotala wachifalansa, Alphonse Laveran, anaona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria, ndipo mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anakapeza m'mimba mwa udzudzu.

Nanga anthu a kunyanja aja chinsinsi chawo chinali chiyani? Mbali yaikulu ya yankho ndi yowawa. Munthu wamkulu wa pa Nkhudzi sankagwa msanga ndi malungo chifukwa anali atadwala kambirimbiri ali mwana, thupi n'kuzolowera nkhondoyo. Amene amishoni ankawaona akupalasa anali otsala. Anzawo obadwa nawo limodzi ambiri anapita asanafike zaka zisanu, atatentha thupi, kukomoka ndi kutupa kapamba. Mbali ina ya yankho ndiyo ya magazi obadwa nawo.

Kachilombo ka malungo kakalowa m'thupi kamayamba kabisala m'chiwindi, kenaka kamalowa m'maselo ofiira a m'magazi. M'menemo ndi m'nyumba mwake, ndi m'khitchini mwake. Kamadya himogulobini, chinthu chija chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya, kamaswana, n'kuphulitsa selo kuti ana ake akalowe m'maselo ena. Tsono ngati mwana wabadwa ndi maselo ofiira osiyanako pang'ono, oti kachilombo sikakhalamo mwamtendere, mwayi wake wokula n'kudzabereka umakhala waukulu kuposa wa mnzake. Zikachitika chomwecho mibadwo mazanamazana, magazi amtundu umenewo amachuluka pakati pa anthu. Palibe anasankha. Udzudzu ndiwo unapeta, monga mayi apetera mphale m'lichero.

Chodziwika kwambiri mwa zobadwa nazozi ndi sickle cell. Dzinali linabwera chifukwa maselo ofiira, m'malo mokhala obulungira, amapindika ngati zenga lomwetera udzu. Woyamba kulemba za matendawa anali Dr James Herrick wa ku Chicago mu 1910, atayeza magazi a mnyamata wochokera ku chilumba cha Grenada amene ankaphunzira za mano. Kwa zaka zambiri madokotala ankadabwa kuti, kodi matenda opha ana chonchi akuchulukiranji mu Africa m'malo moti azitha okha? Mmodzi mwa oyamba kununkhiza yankho anali kufupi ndi kwathu kuno. Mu 1946 Dr E.A. Beet, akugwira ntchito ku Balovale ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi boma la Zambezi ku Zambia, anaona kuti tizilombo ta malungo tinkapezeka mocheperapo mwa anthu okhala ndi mbewu ya sickle cell. Amene anatsimikiza nkhaniyi ndi Anthony Allison, wokulira ku Kenya, amene mu 1954 anaonetsa kuti mbewuyi imachuluka m'madera a malungo monga kugombe ndi m'mbali mwa nyanja ya Victoria, koma kumapiri kozizira ndi yosowa.

Masamu ake ali motere. Munthu aliyense amalandira mbewu ziwiri za himogulobini, ina kwa mayi, ina kwa bambo. Asayansi amazitcha majini, koma tisasokoneze ndi majini aja a mizimu amene timawamva kunyanja. Wolandira mbewu imodzi ya sickle cell sadwala matendawa, ndipo ambiri amakalamba osadziwa n'komwe kuti ali nayo. Malungo amamugwira ndithu, koma kafukufuku wa ana ku Kilifi ku Kenya anapeza kuti chiopsezo cha malungo aakulu, aja okomola ndi kumaliza magazi, chimatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100. Koma wolandira mbewu ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo, ndiye amadwala: magazi kuchepa, maso achikasu, manja ndi mapazi kutupa ali khanda, ululu wa m'mafupa wosasimbika. Ndipo kwa mwana wotereyu malungo ndi mdani woopsa koposa. Makolo onse awiri akakhala ndi mbewu imodziimodzi, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi mwa inayi. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chishango cha ana ambiri chinagulidwa ndi moyo wa ana ena.

Apa ndi pamene mapale a pa Nkope akulowera m'nkhani. Mu 1958 katswiri wina wa ku America, Frank Livingstone, amene sanali mbale wa David uja, anapereka ganizo lakuti ulimi ndiwo unakulitsa malungo mu Africa. Anthu atapeza nkhwangwa yachitsulo anagwetsa nkhalango, zithaphwi zinayamba kuombedwa dzuwa, midzi inakhazikika malo amodzi, ndipo udzudzu unapeza poswanira ndi magazi pafupi. Iye ankanena za kuzambwe kwa Africa, koma aliyense woona madambo, mabango ndi minda ya mpunga ya kumwera kwa nyanja yathu angamvetse ganizo lake. Udzudzu wa Anopheles funestus umakonda madzi a udzu osaphwa, kotero kuti kunyanja malungo sadikira dzinja lokha.

Sickle cell si yokha. Palinso alpha thalassaemia, imene imachititsa maselo ofiira kukhala aang'onoang'ono koma ochuluka, ndipo imachepetsa kutha kwa magazi mwana akadwala malungo. Pali kuperewera kwa G6PD, chinthu chimene chimateteza selo lofiira kuti lisaphulike likakumana ndi mankhwala ena, ndipo vutoli limaonekera kwambiri mwa amuna. Palinso chizindikiro chotchedwa Duffy, khomo lolowera mtundu wina wa malungo wotchedwa vivax. Anthu akuda ambiri a mu Africa tinabadwa opanda khomo limeneli, n'chifukwa chake vivax wovutitsa ku India kuno ndi wosowa. Magazi a ana a m'dziko muno amene anatengedwa pa kafukufuku wa kadyedwe wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 11 ali ndi mbewu ya sickle cell, anayi mwa 10 ali ndi alpha thalassaemia, ndipo mnyamata mmodzi mwa asanu ndi woperewera G6PD. M'basi yodzaza yochokera ku Limbe kupita ku Mangochi, ndiye kuti anthu ambiri ndithu anyamula zipsera za nkhondo yakaleyi osadziwa.

Tsono tifike pa funso limene anthu ambiri salifunsa. Udzudzu sunyamula malungo okha. Umanyamulanso mavairasi. Kodi chishango cha makolo chija chimatchinganso amenewa?

Mbiri yake ilipo, ndipo si yakutali. Mu 1952 ndi 1953 kudera la Newala, kumwera kwa Tanganyika pafupi ndi mtsinje wa Ruvuma, kunabuka matenda otentha thupi ndi kuphwanya molumikizira mafupa mpaka munthu kuyenda chowerama. Amakonde anawatcha chikungunya, kunena kupindika kumeneko, ndipo dzinali dziko lonse likuligwiritsa ntchito mpaka lero. Mu 1959 kumpoto kwa Uganda kunabuka mbale wake, amene Aacholi anamutcha o'nyong-nyong, kutanthauza kufooketsa mfundo. Pofika 1962 mliriwu unali utagwira anthu oposa 2 miliyoni ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika, n'kufika mpaka ku Nyasaland ndi Mozambique. Akatswiri a ku Entebbe atafufuza anapeza chodabwitsa: wofalitsa wake anali Anopheles funestus ndi Anopheles gambiae, udzudzu womwe uja wa malungo. Mwayi wake, mliriwo unkagoneka anthu koma sunkapha. M'zaka zimenezo dziko lino maso anali pa chitaganya, pa Gwelo ndi pa chisankho cha 1961, ndiye amene anagona sabata ndi mawondo owawa anangoti adwala malungo, basi.

Yankho la funso lathu ndi lakuti ayi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Vairasi si kachilombo kodzidalira ngati ka malungo. Kuti iswane imayenera kulowa m'selo lokhala ndi zipangizo zopangira zinthu zatsopano, n'kuzilanda kuti zizipanga mavairasi ena. Selo lofiira la munthu likakhwima limataya phata lake ndi zipangizo zonsezo, limangotsala thumba lonyamula mpweya. Kwa vairasi ya chikungunya kapena dengue, selo lofiira ndi chigayo chopanda injini. Iyo imakalowa m'maselo a pakhungu, m'maselo oyera a magazi, m'chiwindi ndi m'mfundo. Makolo athu anamanga linga lolimba pakhomo limene mdani ameneyu sadzerapo.

Choipa n'chakuti nthawi zina linga lomwelo limasanduka msampha. Umboni wake ukuchokera kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, kumene mbewu ya sickle cell inapita m'magazi a akapolo, ambiri ochokera kuzambwe kwa Africa, ena ochokera m'madoko a Mozambique. Udzudzu wa Aedes aegypti, wofalitsa dengue ndi chikungunya, nawonso unachokera kuno ku Africa, ndipo akatswiri amati unawoloka m'migolo ya madzi ya zombo zomwezo. Mu 1981 ku Cuba kunagwa mliri wa dengue umene unagwira anthu oposa 340,000 n'kupha 158, ambiri mwa iwo ana. Madokotala ataunika imfazo anapeza kuti odwala sickle cell, pamodzi ndi a mphumu ndi a shuga, anali pachiopsezo chachikulu. Ku Jamaica, kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti mwa odwala sickle cell 40 amene anagwidwa ndi dengue, asanu anamwalira, pamene mwa anthu wamba omwalira sankafika mmodzi pa 100. Sizodabwitsa. Dengue ikakula imachititsa mitsempha ya magazi kudontha madzi, magazi n'kukhala okhathamira, ndipo kutentha thupi ndi kuuma kwa madzi m'thupi ndi zomwe zimapinditsa maselo a sickle cell mpaka kutseka mitsempha. Nawonso operewera G6PD, madokotala a ku Asia alembapo za ena amene maselo awo ofiira anaphulika kwambiri atadwala dengue.

Wina anena kuti Cuba ndi Jamaica ndi kutali. Inde, koma mu 2014 dengue inabuka ku Pemba ndi ku Nampula ku Mozambique, ndipo inavutitsa Dar es Salaam mu 2014 ndi 2019. Kuchokera ku boma la Mangochi, msewu wokwera ku Namwera umakafika pa Chiponde n'kulowa ku Mandimba, kupitirira ku Cuamba mpaka ku Nampula komweko. Amalonda athu ku Dar es Salaam amapitako sabata ndi sabata. Udzudzu wa Aedes, wakuda wamizere yoyera m'miyendo, sufuna dambo ayi. Umaswana m'diramu la madzi losavundikira, m'tayala lakutha, m'chitini chotayidwa kuseri kwa nyumba, ndipo umaluma masana, nthawi imene masikito tawakolowekera kudenga. Uwu ndi udzudzu wa ku Ndirande ndi ku Kawale monga momwe ulili wa kumudzi.

Vuto lina lili pa lilime lathu. Mawu akuti malungo timawagwiritsa ntchito pa kutentha thupi kulikonse, kuphwanya kulikonse, ngakhale kutopa kwa ganyu. Kwa zaka zambiri nazonso zipatala zinkatero: thupi likatentha, landirani mankhwala a malungo. Boma la Mangochi lili ndi mbiri yonyaditsa pa nkhondo ya malungo enieniwo. Kuyambira 1987 mpaka 1990, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la CDC la ku Atlanta anatsatira amayi oyembekezera oposa 4,000 m'bomali, pa kafukufuku amene mmodzi mwa atsogoleri ake anali Dr Jack Wirima. Zinaoneka poyera kuti kolorokwini watha mphamvu, ndi kuti malungo a mayi amachititsa mwana kubadwa wosakwana sikelo. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kutenga Fansidar, ndipo mu 2007 tinasinthiranso ku LA. Katemera woyamba wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu Epulo 2019, dziko lina lililonse lisanayambe. Pakati pa zonsezi panalinso phunziro la magazi obadwa nawo: mankhwala otchedwa Lapdap, amene anayesedwa ku Malawi ndi maiko ena, anachotsedwa pamsika mu 2008 chifukwa ankamaliza magazi a ana operewera G6PD.

Kuyambira cha m'ma 2011, pamene zipangizo zoyezera malungo pachala zinafika m'zipatala zing'onozing'ono, tinayamba kumva mawu atsopano akuti, "Mayi, mwanayu malungo alibe." Ambiri timatuluka m'chipatala tikung'ung'udza, ati adokotala aumira mankhwala, n'kukhotera kugolosale. Komatu mawu amenewo ndi oona nthawi zambiri. Thupi lotentha lopanda malungo likhoza kukhala chibayo, taifodi, kapena imodzi mwa mavairasi tatchulawa. LA sachiza vairasi. Ndipo ngati ndi dengue, asipulini ndi bulufeni zimawonjezera kutaya magazi, kotero kuti madokotala amalangiza panado, madzi akumwa ambiri, ndi kubwerera kuchipatala msanga wodwala akayamba kusanza kosalekeza, kumva m'mimba kupweteka kwambiri kapena kutuluka magazi m'kamwa ndi m'mphuno. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Amene ayenera kumva nkhaniyi koposa ndi makolo a ana a sickle cell. M'midzi yathu ndi m'matauni momwe, mabanja atha chifukwa cha mwana wodwaladwala. Akuchimuna amaloza akuchikazi, agogo osalakwa amanenedwa ufiti, mbuzi zimathera kwa asing'anga. Chonsecho mwana sangabadwe ndi matendawa ngati mbewu sinachokere mbali zonse ziwiri, ndipo mbewuyo si tsoka kapena temberero, koma ndi yomwe inapulumutsa azigogo a banjalo pagombe la udzudzu. Masiku ano mwana wotere akadziwika msanga akhoza kukula n'kudzidalira. Pali penisilini woteteza ku matenda, katemera, mankhwala opewera malungo ndi a hydroxyurea, ndipo zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona ana oterewa. Kwa iwo kutentha thupi kulikonse, kaya kuyeza kwaonetsa malungo kaya ayi, ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Achinyamata amene akukonzekera ukwati anazolowera kale kukayezetsa magazi asanalowe m'banja. Pamene akutambasula dzanja, afunsenso ngati n'kotheka kuyeza sickle cell, kuti adziwiretu masamu aja a mmodzi mwa anayi mwana asanabwere. Ndipo a Unduna wa Zaumoyo, amene anationetsa mu 1993 kuti amatha kutsogolera Africa yense akamvera umboni wochokera ku Mangochi, ayang'anenso kumeneko. M'zipatala za m'mbali mwa nyanja ndi za m'malire, mwa odwala aja amene chala chawo chikuti malungo palibe, ndi m'mene mlendo wochokera ku Nampula adzayambire kuonekera.